Nyemba za Malemu Apongozi

Bairro Josina Machel, Tete
19 Novembro 2023

Okondedwa amake Flora,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Domwe, inu ndi Flora? Bondo lija linatupa lasiya kodi? Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha kwa Tete kwafika poipa. Munthu umasamba, ukamavala malaya thukuta layamba kale.

Balbina wamalonda wa kwathu uja atatsitsa matumba ake a kachewere pamsika dzulo, sanandipatse n'komwe moni. Wandiuza kuti mwagubuduza nyumba yonse, mpaka kukwera pankhokwe, kufunafuna chitini cha nyemba za malemu amayi anu. Lekani kufuna. Chitinicho chili kuno pansi pa kama wanga, ndipo mulibe kanthu. Ndinachitenga ndine m'mawa uja ndinkanyamuka, inu muli kudimba. Ndikanatha kukuimbirani foni, koma mawu ena satuluka pakamwa munthu akumvetsera mbali inayo. N'chifukwa chake ndagula kope ndi cholembera ngati mwana wasukulu. Kulemba munakuphunzira bwino ndinu ku Dedza kuja, ndiye zolakwika muzikonza nokha powerenga.

Mundimvere kaye musanang'ambe pepalali. Abwana anga, Dona Maria José, tsiku lina anaona chithunzi cha Flora mufoni mwanga, chija anaima pampanda wathu nyemba zitachita maluwa psuu kumbuyo kwake. Za mwana wathu sanafunse zambiri, maso awo anali pamaluwawo. Anati m'Tete monse sanaonepo otero. Nditawauza kuti maluwa amenewo amabereka nyemba zodya, zitheba ndi zouma zomwe, anaomba m'manja. Masiku amenewo n'kuti akunena kawirikawiri kuti pakhomo pawo pauma ngati pabwalo la mpira, ndipo mwina afune munthu wina wodziwa za maluwa. Ndiye pakamwa panga panathamanga. Ndinati kwathu nyemba zimenezi n'zosasowa, tili nazo matumbamatumba, ndikapita kutchuthi ndidzawatengera ngati mphatso.

Matumba ake ati? Inu ndi ine tikudziwa kuti chichokereni pamene nkhumba za anansi athu zinafukula mpanda wonse chaka chatha, zotsala zinali za m'chitinizo basi. Ndinaziwerenga, zinalipo makumi awiri ndi zitatu. Ndikudziwanso kuti amayi anu anazisenza pothawa nkhondo kupita ku Dedza n'kubwera nazonso pobwerera, ndi kuti mwana wamkazi aliyense wa kubanja kwanu amalandira dzanja limodzi la mbewuyi pamene akulowa m'banja. Inunso munabwera nazo m'nyumba mwathu zitamangidwa pakansalu. Sindinaiwale kuti ukwati wa Flora ndi Edilson uli mu Agosto. Zonsezi ndinkazidziwa pamene ndinkalowetsa chitini m'chikwama, ndipo manyazi andigwira polemba izi.

Koma musataye mtima, sindinadye ayi, ndabzala. Mvula yoyamba inagwa Lachitatu, Lachinayi ndinabzala zonse, monga timachitira kwathu. Ndinaziviika kaye m'madzi mmene mumachitira inu, ndinakumba mayenje akuya ngati chala, motalikirana phazi limodzi, m'mbali mwa khoma lakumaso, manyowa a mbuzi pansi. Mbuzi kuno zachuluka kuposa anthu. Pofika Março ndikubwezerani chitini chodzaza, ndi china chapadera cha Flora.

Pali mkulu wina dzina lake Tomás, Mnyungwe wolima ku Nhartanda, amene amabweretsa ndiwo zamasamba pakhomo pano. Anandipeza ndikukwirira, n'kundifunsa kuti ndikubzala chiyani nyengo ino. Nditamuuza anapukusa mutu, akuti kuno nyemba amabzala mu Abril kukayamba kuzizira. Ndinamuseka. Ndinati Mnyungwe aziphunzitsa anthu kuweta mbuzi ndi kutola masau, za nyemba asiyire ife a ku Angónia amene timadyetsa mzinda wonsewu.

Ndatumiza nsomba zouma za ku Chicoa ndi sopo. Munda wakumtunda musachedwe kupalira. Mundiyankhe, ngakhale mondikalipira.

Ine mwamuna wanu,
Ezequiel

Tete, 31 Dezembro 2023

Amake Flora,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo. Ndamva kuti mvula kumeneko ikugwa mwa apo ndi apo. Kuno inagwa kawiri kokha, kenako kumwamba kunangoti mbee. Ine ndili bwino, ndinali ndi chifuwa koma chinatha.

Yankho lanu ndinalandira, ngati tingalitche yankho. Balbina akuti munawerenga kalata yanga muli chiimire pakhomo, munaipinda, n'kunena kuti, "Mukawauze kuti ndamva." Basi. Zaka makumi awiri ndi zinayi tili limodzi, ndikudziwa kuti inu mukafupikitsa mawu ndiye kuti mkati mwapsa. Bola mukanandilalatira.

Komabe nkhani yabwino ilipo. Mwa zija makumi awiri ndi zitatu, zamera makumi awiri ndi imodzi. Zinayamba kutuluka tsiku lachisanu ndi chitatu, zonenepa bwino. Nsungwi kuno n'zovuta kupeza, choncho ndinakadula mabango kumtsinje, ndinawazika atatuatatu n'kuwamanga kunsonga, kenako ndinakoka zingwe mpaka pamwamba pa khoma. Zikukwera ngati zikuthamangitsidwa. Imodzi ndinayesa kuizunguliza mbali imene ndinkafuna ine, m'mawa mwake ndinapeza yamasuka yokha n'kuzungulira mbali yake. Ndinaseka ndekha, ndinati izi ndi za kubanja kwa akazi anga zenizeni. Pano zandipitirira msinkhu, ndipo ndatsina nsonga kuti zichite nthambi. Ndimathirira kawiri, m'mamawa ndi dzuwa likapendeka.

Maluwa oyamba anatsegula sabata ino. Mukanaona, amake Flora. Khoma lija linali mbuu, koma lero anthu odutsa mumsewu akumaima pachipata n'kumasuzumira. Dona ajambula zithunzi zosawerengeka. Anaitana anzawo a kutchalitchi kudzamwa tiyi pafupi ndi maluwawo, ndipo pamaso pawo ananditcha Senhor Ezequiel, ine amene chaka chonse ndakhala "iwe". Za kufuna munthu wina sakuzitchulanso. Ndisakunamizeni, ndinakondwa, ndinayenda ndi mapewa m'mwamba tsiku lonse. Koma pobwerera kukachipinda kanga chimwemwecho chinali chitatha, poti ndinakumbukira kuti akunditamanda chifukwa cha chinthu chimene ndinatenga mobisa.

Tomás anabwera ndi therere lake, anayang'ana maluwa, kenako anagwira khoma ndi chikhatho n'kuchotsa msanga ngati wagwira mbaula. Anangosiya therere n'kumapita. Ndikuganiza kuti ndi nsanje.

Pa Khirisimasi sindinabwere, mwaona nokha. Pafoni ndinauza Flora kuti alendo achuluka pakhomo pano ndipo palibe wothirira, zimene zili zoona ndithu. Chimene sindinamuuze n'chakuti ndilibe nkhope yolowera nayo m'nyumbamo chitini chisanadzaze. Za nyembazi musamuuze kaye, ali ndi zambiri zoganiza. Mbuzi ziwiri za ukwati zija muzizipatsa madeya, zisadzatichititse manyazi pamaso pa akuchimuna.

Chaka chabwino chatsopano kwa nonse.

Ine bambo a Flora

Tete, 4 Fevereiro 2024

Amake Flora,

Moni wochokera kuno. Ndili moyo, ngakhale thupi likulemera. Ufa ndi kabichi zimene munapatsira Balbina ndalandira, zikomo. Kalata munalibe, ndinafufuza mpaka pansi pa thumba.

Zinthu sizikuyenda mmene ndinanenera. Maluwa akugwa. Duwa limatsegula m'mawa lokongola bwinobwino, pofika mawa lake lili pansi, kusiya kaphesi kopanda kanthu. Kwathu duwa likafota pamatsala kachitheba kakang'ono ngati singano. Kuno ndafufuza tsamba ndi tsamba, mpaka kukwera pampando, sindinapeze ngakhale kamodzi. M'mawa uliwonse ndimasesa maluwa odzaza beseni laling'ono, n'kukawakwirira kuseri kwa nyumba Dona asanadzuke. Palibe amene anandiuza kuti ndiziwabisa, koma ndimangozindikira ndikuyenda monyang'ama.

Ndayesa zonse zimene mutu wanga unandiuza. Ndamanga masaka pamwamba kuti pakhale mthunzi, ndayala udzu pansi, ndawaza madzi pamaluwa penipeni. Madzi ake a mumpopi masana amatuluka otentha oti n'kuphikira tiyi. Njuchi zimabwera pang'ono m'mamawa, dzuwa likangokwera nazonso zimathawa.

Chopweteka n'chakuti Dona sakudandaula konse. Iwo ankafuna maluwa, ndipo ena akagwa ena akutsegula. Anandigulira malaya a mikono yaitali, akuti chifukwa cha manja anga abwino. Malayawo ali mupepala momwemo, sindinawavale.

Lamlungu lapitali ndinadzichepetsa n'kutsikira ku Nhartanda. Ndinkayembekezera kuti Tomás andibwezera mawu anga aja a mbuzi ndi masau, ndipo akanatero mwina ndikanapepukidwa. M'malo mwake anandipatsa chitsa chokhalira n'kundithyolera nkhaka. Nditamufotokozera anati, "Mbewu yanuyi ndi ya kumapiri, imafuna kugona pozizira. Kuno nyengo ino nthaka siizizira mpaka kucha." Anawonjeza kuti khoma limene ndinasankha limamwa dzuwa tsiku lonse, ndiye ndinachita ngati ndabzala pafupi ndi ng'anjo. Ndinafunsa chochita, anati palibe, koma ndisafulumire kuzula. Ine mlimi wa ku Angónia ndinabwerera nkhaka ili m'manja, ndikuyang'ana pansi njira yonse.

Ndinaganiza za alamu anga a Luzia ku Ulongwe, poti ndiwo akulu anu ndipo nawonso analandira mbewuyi pokwatiwa. Koma ndakumbukira kuti yawo inatha kalekale atasamukira m'tauni mopanda malo olima. Choncho chonde musawafunse, mungowadzutsira mafunso. Pakamwa pa alamu tonse timapadziwa, ndipo ndiwo adzatsogolere amayi olangiza Flora. Nkhani imeneyi ikawafika, mpaka ku Tsangano adzaimva.

Nthawi idakalipo. Mwina mitambo ikabwera masiku angapo motsatizana maluwa ena agwira. Denga la khitchini likudontha kodi? Ngati likudontha muuze Edilson akonze, mkamwini ayambiretu kuzolowera.

Ndine wanu,
Ezequiel

Tete, 10 Março 2024

Amake Flora,

Moni kwa inu ndi Flora. Ine ndili bwino. Ntchito yachuluka, ndiye ndilemba mwachidule.

Nazi nyemba, ndazimanga m'kathumba ka shuga. Zinabereka kumapeto kwenikweni, nditataya kale mtima. Mukaziona mudabwa kuti zachepa thupi ndiponso mawanga ake asiyana pang'ono. Ndi dzuwa la kuno limenelo, limasintha chilichonse, ngakhale ine ndada simungandizindikire. Musavutike kuziyang'anitsitsa kapena kuonetsa anthu. Muzithire phulusa, muzitsekere pabwino mpaka Agosto. Osabzala ngakhale imodzi, nyengo yapita kale.

Mitengo yake yauma tsopano, ndipo Dona akuti mawa ndizule zonse chifukwa zikunyansitsa pakhomo.

Ndaikamo nsalu ziwiri za kapulana za Flora, asankhe imene akonde, inayo ndi yanu. Nkhani ya nyembayi ithere pompa, tiziganiza za ukwati.

Ine,
Ezequiel

Tete, 7 Abril 2024

Amake Flora,

Moni ndikupereka, ngakhale sindikudziwa ngati muulandira. Thupi lili bwino. Zina zonse ayi.

Balbina wandipatsa kathumba kaja ka shuga. Ndinkaganiza kuti mwabweza nyemba, koma nditamasula ndinapeza timbande titatu tofota, tozulidwa ndi mizu yomwe, kalikonse katasenza zibanthu ziwiri za mbewu pamutu. Ndinakhala pansi pamsika pomwepo, pakati pa matumba a anthu. Balbina anafunsa ngati ndadwala, ndinati ndi dzuwa.

Ndamva zimene mukunena, kalata siinafunike. Nyemba za amayi anu zikamamera mbewu imatsala pansi, pamatuluka mphukira yokha. Nyemba wamba ndizo zimatuluka zitasenza. Ine ndemwe ndinaziona zikumera mu Novembro, makumi awiri ndi imodzi, koma pokonza bodza langa sindinakumbukire. Ndinakuuzani kuti musabzale ngakhale imodzi, ngati kuti sindikudziwa mkazi amene ndinakwatira.

Ndinene poyera. Mitengo ija siinabereke chitheba ngakhale chimodzi. Zimene ndinakutumizirani ndinagula pamsika. Ndinazungulira mabenchi onse kusankha zazikulu zamawanga, imodziimodzi, mpaka mayi wogulitsa anandifunsa ngati ndikufuna za mankhwala. Kutenga chitini kuja ndinkadzinamiza kuti ndangobwereka. Ichi ndilibe dzina lina loti ndichipatse. Ndinafuna kuti mupatse mwana wathu nyemba za pamsika pa ukwati wake, inu mukuganiza kuti mukumupatsa za agogo ake. Mundikhululukire ngati mungathe, ngati simungathe sindidabwa.

Tsopano pali china, ndipo simukukakamizidwa kukhulupirira, poti mawu anga ndawapeputsa ndekha. Tsiku lozula lija, khasu linatulutsa mizu yonenepa ngati chinangwa chaching'ono. Yambiri inali itawola, koma isanu inali yolimba. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene nkhumba zija zinkafuna pampanda wathu, ndiponso chifukwa chake simunkandilola kulima moyandikira mpanda. Zaka zonsezi ine ndinkati nyemba zanu zimangodzimerera kuchokera ku zogwa pansi. Ndakhala ndikudya nyemba zimenezi chilowereni m'banja, koma kuti pansi pake pali chiyani sindinafunsepo.

Ndinathamanga nayo mizuyo kwa Tomás. Iye nyemba yotere sanaionepo, koma anati chomera chokhala ndi muzu wonenepa chonchi sichifa ndi chilimwe chimodzi. Tinaisunga mumchenga wonyowa pang'ono pamthunzi wa mtengo wake wa mango. Dzulo ndaibzala kuseri kwa nyumba ya Dona, pafupi ndi thanki ya madzi, kumene dzuwa limafika m'mawa mokha. Ulendo uno tsiku ndi malo anasankha ndi Tomás, ine ndinangogwira khasu.

Chitini chodzaza sindilonjezanso. Ngakhale dzanja limodzi sindilonjeza. Balbina akuti Flora akuoneka wosangalala, akusoketsa diresi, ndiye ndikuganiza kuti simunamuuze. Sindikudziwa ngati ndikuthokozeni kapena ndichite mantha.

Chimanga chikauma musathyole nokha ndi bondo limenelo, muitane anthu.

Ine amene ndakulakwirani,
Ezequiel

Tete, 14 Julho 2024

Amake Flora,

Muli bwanji ndi chisanu cha kumeneko? Kuno nakonso kwazizira pang'ono, ndikufunda kansalu. Anyungwe avala majekete ndi zipewa zaubweya ngati ali pamwamba pa phiri la Domwe, ine ndimangowaseka chamumtima, poti kuseka mokweza ndinaleka.

Papita miyezi itatu osalemba. Ndinadziuza kuti sindigwiranso cholembera mpaka nditakhala ndi chinthu choona choti ndinene. Chilipo tsopano, ngakhale si chimene ndinkafuna.

Mwa mizu isanu ija, itatu inaphuka. Siinakwere mwamphamvu ngati poyamba, koma mu Junho inachita maluwa, njuchi zinabwera, ndipo maluwa ena anagwira. Tsiku limene ndinaona kachitheba koyamba ndinagwada pansi pafupi ndi thanki. Zinakwana khumi ndi ziwiri zimene ndinkaziona, zazitali kuposa chikhatho. M'mawa uliwonse ndinkaziwerenga ndisanasambe kumaso. Maganizo anga anali oti ndizisiye mpaka ziume, zizilira pozigwedeza, ndidzabwere nazo ndekha m'thumba la malaya.

Lachisanu Dona anandituma kutsidya kwa mlatho kukagula makala, poti mchemwali wawo wabwera kuchokera ku Beira. Pobwera anandiitanira kukhitchini akumwetulira, n'kundipatsa mbale. Munali zitheba zodulidwa bwinobwino, zokazingidwa ndi anyezi ndi tomato. Anati nyemba zanga zabereka tsopano, alendo azikonda kwambiri, ndiye andisungirako poti mwini wake ndine. Anaima pomwepo kudikira kuti ndilawe.

Ndinadya, amake Flora. Ndinatafuna mbewu ya amayi anu, ndinameza, n'kunena kuti zakoma.

Sindingawaimbe mlandu. Ndine ndinawauza kuti kwathu tili nazo matumbamatumba, ndipo miyezi yonseyi sindinabweze mawu amenewo, kuopa kuti Senhor Ezequiel angabwerere kukhala "iwe". Munthu wothyola ndiwo m'munda mwake walakwa chiyani? Mawa lake m'mawa ndinawapeza pakhonde, ndinavula chipewa, ndinawauza zonse kuyambira pa chitini. Nditamaliza anati, "Mukanangonena." Mawu amenewo anandilasa kuposa akanandichotsa ntchito.

Tinapita limodzi kukafufuza, iwo atavala zogonera zawo. Kuseri kwa paipi ya thanki, kumene dzanja lawo silinafike, tinapeza chitheba chimodzi. Anang'amba kansalu n'kumangirira paphesi pake okha, ndipo auza aliyense m'nyumba muno kuti asachikhudze. Maluwa ena alipo koma ayambanso kugwa, masamba akuchita chikasu kuchokera pansi. Tomás akuti mizu yatopa ndipo kutentha kuli pafupi, ndisayembekezere zina.

Chithebacho chikadali chobiriwira. Pofika pa 10 Agosto, tsiku la ukwati, sichidzakhala chitauma, ndipo ndikachithyola msanga mbewu yake siidzamera. Ndiye kuukwati ndibwera chimanjamanja. Tomás wavomera kuti azithirira ine kulibe.

Ndidzafika Lachinayi la sabata ya ukwati. Alamu a Luzia ndidzalankhula nawo ndekha asanalowe m'nyumba ndi Flora, ndidzawauza zonse. Inu musadzanene kanthu, mlanduwu ndi wanga. Nkhuni zikonzedweretu, ndipo mipando ya kutchalitchi mupemphe msanga ena asanatipitirire.

Ine mwamuna wanu,
Ezequiel

Tete, 1 Setembro 2024

Amake Flora,

Moni. Ndinayenda bwino ndipo ndili moyo. Ndikhulupirira kutopa kwa ukwati kwatha, ndi kuti Flora akuzolowera kunyumba kwake.

Masiku anayi ndinakhala kumeneko. Tinalankhula za nkhuni, za mipando, za anthu oti adye poyamba. Za ichi sitinalankhule, ndiye ndilembe.

Lachisanu masana, pamene amayi munalowa m'nyumba ndi Flora kukamulangiza, ine ndinali kuseri ndikusenda mbuzi, pansi pa zenera penipeni. Simunadziwe kuti ndili pomwepo, kapena munadziwa. Ndinamva alamu akuitanitsa mbewu. Ndinamva inu mukunena kuti inafumbwa, kuti munaiwala kuthira phulusa m'chitini, inu amene simunaiwalepo phulusa ngakhale chaka chimodzi. Ndipo ndinamva alamu akuti, "Amayi anadutsa nazo nkhondo, iwe zakukanika kusunga m'nyumba ya malata?" Amayi ena anawonjezera zawo, Flora n'kuyamba kulira. 

Kuchoka pamene ndinali kufika pakhomo ndi mapazi khumi. Ndinalonjeza kuti ndidzanena ndekha, ndipo kuyambira Lachinayi ndinkangoti ndinena tikadya, ndinena alendo akachepa, ndinena alamu akapuma. Nthawi itakwana, mpeni uli m'manja, ndinapitiriza kusenda mbuziyo mpaka ndinamaliza, mosamala, osaboola chikopa. Abwana anga, munthu wachilendo, ndinatha kuwauza zoona, koma abale anu ayi. Mawa lake ndinavala jekete, ndinavina, anthu n'kumandigwira chanza kuti ndalera bwino mwana. Ponyamuka munandimangira ufa ndi kachewere monga mwa nthawi zonse, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Ndachita manyazi kambirimbiri chaka chino, koma oposa a pamsewu paja sindinawamvepo.

Chitheba chinauma. Ndinachithyola Lachitatu chitayamba kulira pochigwedeza. Munali nyemba zinayi, ndazikulunga m'pepala muli kalatayi. Zitatu n'zonenepa, zofiirira ndi mawanga akuda, zenizeni, mukhoza kuziyesa mmene mungafunire. Yachinayi ndi yokwinyika, sindikudziwa ngati imera. Mizu ndinaifukula kuti nditumizenso, koma yatheratu, yangotsala ngati zingwe. Choncho zimene mwagwira m'manjazo ndi zonse zimene zatsala. Kabzalidwe sindikuuzani, ndilibe pakamwa pake. Kagawidwe ndi Flora muona nokha.

Makalata ndalemba awiri. Ina ndi ya alamu a Luzia, ndipo ndalembamo zonse, osasiya kanthu, mpaka za pazenera. Ndawapempha kuti aitane amayi onse amene anali m'nyumba muja, Flora akhalepo, aiwerenge mokweza. Ndikanaipereka kudzera kwa inu mukanaiponya pamoto, ndimakudziwani. Galimoto imene Balbina amakwera imaima kaye pa Ulongwe, choncho pamene mukuwerenga ino, iwo yawo awerenga kale.

Adzabwera, ndipo adzanena zambiri za mwamuna amene munakwatiwa naye. Zonse zidzakhala zoona. Chonde, amake Flora, ulendo uno musandiikire kumbuyo.

Ine,
Ezequiel